Mmene Bana Mulenga Anapezera a Amisi Mbuya

Kapenta, tinsomba touma tija, akangoyamba kupsa pa mbaula, kaya ndi kwa yani, ine ndimamva mawu a Bana Mulenga m'makutu mwanga. Tinkayandikana nawo nyumba ku komboni ya ku Boma ku Lundazi, mayi wathupi lalikulu, Mbemba wa ku Kasama, wamasiye, wogulitsa nsomba zouma pamsika. M'mawa uliwonse utsi wa makala awo unkalowa pampanda wathu wa udzu pamodzi ndi fungo la anyezi, kugogoda kwa chikombe pa poto ndi kutsokomola kwawo, kenako pankabwera chipongwe cha tsikulo. Ankasuzumira pampanda n'kufunsa atate ngati mbewa za kadzutsa zapsa kale, kapena ana apita kusukulu ndi njala. Atate anali mphunzitsi, Mngoni wa ku Chipata womanga tayi ngakhale Loweruka, munthu amene mwana aliyense ankamuthawa panjira. Koma osakweza n'komwe maso pa nsapato imene ankapukuta, ankayankha kuti anyani a m'phiri atha chifukwa cha mkamwa mwa mayi mmodzi wa ku Kasama.

Ine zinkandiwawa. Ndinafunsa amayi chifukwa chimene atate sankawakalipira, ndipo amayi anaseka mpaka kuika pansi lichero. Anati kalekale Angoni ndi Abemba anabayana ndi mikondo mpaka onse anatopa, popanda wogonja. Atakhala pansi anapangana kuti nkhondo ichoke m'manja ipite pakamwa: tukwananani mmene mungathere, koma wokwiya ndiye wolakwa. Ndipo pakagwa maliro, wokumba manda, wophika ndi wonyamula bokosi akhale mdani wakale uja. Chibale chimenechi timati chimbuya, ndipo munthuyo ndi mbuya wako. Ife a kum'mawa tonse, Atumbuka ndi Achewa omwe, tinalowamo.

Kumapeto kwa mzere wathu kunkakhala mabanja awiri othawa nkhondo ku Congo. A Amisi anali telala, ankasoka pakhonde, tepi ili m'khosi. A Baraka ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango, manja akuda ndi girizi, munthu wosalankhulalankhula. Ife tinkangoti onse ndi a ku Congo, osadziwa kuti kwawoko mitundu yawo ndi imene inkaphana. Ankapemphera tchalitchi chimodzi, wina benchi ya kutsogolo wina ya kumbuyo, ndipo a Amisi ankalolera kukankha njinga yophulika tayala mpaka kumsika m'malo mopita pansi pa mango paja. Akazi awo okha ndiwo ankabisalirana. Ankakumana kuseri kwa nyumba ya Bana Mulenga, akusinja masamba a chinangwa mumtondo n'kumanong'onezana m'Chiswahili, mwini nyumba atakhala pakhomo ngati mlonda.

Chaka china, dzuwa la Okutobala lili pachimake, Mayi Furaha, akazi a Amisi, anadwala mutu ndipo sabata isanathe anamwalira m'chipatala. Adokotala anati ndi malungo amene anakwera m'mutu. Anasiya kamwana kongoyamba kuyenda, dzina lake Daudi. Koma wina anakauza a Amisi kuti masiku apitawo akazi awo anamwa thobwa la akazi a Baraka. A Amisi anagwa pansi pakhonde n'kulira kuti anthu a mtundu wa a Baraka anapha mng'ono wawo ku Congo, ndipo tsopano awatsatira mpaka kuno. Munthu wolira amanena zambiri, koma panali anyamata amene anamva. Mtsogoleri wawo anali Mabvuto, wa ku Magodi, wonyamula katundu pamsika, mnyamata wa mtima wapachala ndi kachasu m'mutu. Ananena poyera kuti maliro akangoikidwa, nyumba ya mfitiyo ipsa, kaya muli anthu kaya mulibe. Petulo anali atagula kale.

Atate anati nkhaniyi ipite kupolisi. Bana Mulenga anawayang'ana kuyambira kutayi mpaka kunsapato, n'kufunsa ngati apolisi adzagona pakhomopo mpaka chaka chamawa. Panthawiyo a Baraka anali atamanga kale katundu panjinga, kuti athawire ku Malawi kudzera ku Lusuntha ndi akazi awo ndi ana awo aang'ono. Munthu amene anathawa kale kamodzi sadikira kuti aone lawi.

M'mawa wa tsiku loika maliro ndinali pakhomo pa a Amisi ndi anzanga a kwaya ya achinyamata. Azimayi ankalira m'nyumba, azibambo atazungulira chikuni chofuka, fungo la nyemba ndi utsi wa nkhuni zaziwisi zili ponseponse. Mwadzidzidzi nyimbo inafera m'kamwa mwathu. Bana Mulenga ankabwera pakati pa msewu, chitenje atamanga m'chiuno ngati wopita kumunda, mbale ya ufa pamutu. Dzanja lawo linagwira mkono wa a Baraka, amene ananyamula khasu ndi piki. Ndinaganiza kuti mayiwa apenga, akubweretsa mbuzi kwa afisi.

Mabvuto anaimirira, anzake naye. Asanatsegule pakamwa, Bana Mulenga anatapa ufa n'kumuwaza nawo kumaso, monga amachitira ambuya pamaliro. Anayera mbuu, nsidze, ndevu, makutu omwe. Anamufunsa ngati mafuta amene wagula ndi ootchera mbewa, popeza a kum'mawa simuchita manyazi ndi makoswe. Agogo ena a Chitumbuka amene anali pamoto anaseka kaye, ena n'kutsatira, ndipo Mabvuto anangotsala chiimire akulavula ufa. Akanatani? Kukwiyira mbuya pamaliro ndi manyazi amene amakutsata mpaka kumudzi kwanu.

Atatero anatembenukira kwa anthu onse.

"Mwe bantu, maliro awa alibe mbuya. Ba Amisi alibe wowakumbila. Ine nawapezela. Kuno kwathu wokumba ni uja munamenyana naye, ndiye uyu. Wofuna kumugwila ayambe ine."

Akuluakulu anayang'anizana, ndipo atate ndi amene anayamba kugwedeza mutu kuvomera. Azibambo okumba ananyamuka, a Baraka ali pakati pawo, Bana Mulenga akubwera m'mbuyo, akutukwana aliyense woyenda pang'onopang'ono.

Tinafika kumanda dzuwa lili paliwombo, tikuimba, fumbi lofiira likumata pamapazi. Tinapeza dzenje latha, lakuya kupitirira msinkhu wa munthu, koma okumba onse ali pamwamba kupatula mmodzi. A Baraka anali pansi, malaya atanyowa ndi thukuta, zikhatho zitang'ambika ndi piki, chifukwa dothi la Okutobala ndi mwala. Anthu anati kuyambira pamene dzenje linafika m'mawondo, iwo anakana kusinthana ndi wina. Bambo wina anawerama kuti awakoke, koma Bana Mulenga anamumenya dzanja. Anati mbuya akakhala m'manda amatulutsidwa ndi mwini maliro, ndipo bokosi lidikira. Lamulo limeneli lilipo ndithu, ngakhale kawirikawiri limatha ndi kaphokoso ndi kuseka. Tsikulo panalibe woseka.

Bokosi analitsitsa pamitengo. Abusa anatseka buku lawo. A Amisi anaima kumutu kwa dzenje, maso ofiira, ndipo anayankhula m'Chinyanja chawo chothyokathyoka kuti anthu a munthu uyu anapha mng'ono wawo iwo akuona.

"Ni zoona, Ba Amisi, sinikutsutsani," anatero Bana Mulenga, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawamva akulankhula motsitsa. "Agogo a Angoni awa anapha agogo anga. Koma amuna anga atamwalila, anabakumbila ni awa aphunzitsi, anavula tayi. Funsani."

Atate anati ndi zoona.

A Amisi sanasunthe. Ntchentche zinkalira, kamwana Daudi kakulira kumsana kwa mayi wina, ndipo ine ndinkaona Mabvuto kumbuyo kwa gulu, ufa udakali m'tsitsi, akudikira kuti aone kumene zipendekere. Ndinadziwa kuti a Amisi akangotembenuka n'kuchoka, nyumba ija yapsa. Pamenepo a Baraka anayankhula ali pansi, osakweza mutu. Anayamba m'Chiswahili, kenako anabwereza m'Chinyanja kuti tonse timve.

"Ana anga awili anatsala kwathu. Sinidziwa amene anabakwilila. Uyu mayi namukumbila bwino."

A Amisi anayang'ana m'dzenjemo, m'mbali mosalala, m'makona mowongoka ngati nsalu imene iwo eni adula. Kenako anagwada, thalauza lawo lakuda m'dothi, natambasula dzanja. A Baraka anali olemera, ndipo telala ndi munthu wopanda mphamvu, moti onse akanagwera momwemo, koma palibe anathandiza, Bana Mulenga anali atatambasula mikono kutchinga. Anakokana, kutsetsereka, kukokananso, mpaka a Baraka anatulukira pamwamba n'kugwera pachifuwa cha mnzawo. Magazi a m'zikhatho zawo anatsala pa malaya oyera a Amisi.

Ife tinkaganiza kuti zatha, koma Bana Mulenga anati ayi, mbuya wosatukwana si mbuya. Anagwedeza a Baraka paphewa kuti anene kanthu. Wokonza njinga uja anaganiza, kuganiza, thukuta likutsika, kenako ananena mwamanyazi kuti a Amisi ndi telala wabodza, mathalauza awo onse mwendo umodzi umafupika. Atate, amene anavala thalauza losokedwa ndi a Amisi, anayang'ana miyendo yawo. Gulu lonse linaphulika. A Amisi anaseka akulira, misozi ndi mamina, atagwira mutu wa a Baraka, ndipo Bana Mulenga anaimba nthungululu pamanda, chinthu chimene wina aliyense akanakalipiridwa nacho. Ine ndinalira kwambiri kuposa mmene ndinalirira pa bokosi, koma kunali kulira kwa chimwemwe. Pokwirira, woyamba kulanda fosholo anali Mabvuto.

Nyumba ija sinapse. Madzulo ake a Baraka anamasula katundu panjinga, ndipo patapita miyezi makina a Amisi anasamukira pansi pa mango, pomwe amuna awiriwo ankanyozana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, wina za matayala wina za mabatani. Sindikuti zonse zinali zosalala. Panali masiku amene nkhani za kwawo zikafika, aliyense ankakhala pakhomo pake osalankhula. Masiku otero Bana Mulenga ankapita kukawatukwana onse awiri mpaka wina aseke.

Lero ndine mphunzitsi ku Chikomeni, ndipo Bana Mulenga anagona kalekale. Tinawakumbira ife odya mbewa, tikuwanyoza njira yonse. Ndikamaona pa TV akuluakulu a mayiko akugwirana chanza m'mahotela kuti nkhondo yatha, ndimawafunira zabwino ndi mtima wonse, koma ndimafuna kudziwa ngati pali amene angakumbire mnzake manda, ndi ngati mnzakeyo angagwade kuti amukoke. Makolo a ana anga a sukulu akayambana za malire a munda, ndimawaitana onse pamodzi, osati mmodzimmodzi, ndipo sindiwalola kuchoka asanagwire ntchito imodzi ndi manja awo. Ndinaphunzira pamanda paja.

Chaka chatha ndinabwerera ku Boma kukaika a Amisi. A Baraka akalamba, maso achita khungu, piki sangaikweze, koma anaumirira kuti anyamata awatsitsire m'dzenje, ndipo anakhala momwemo pakampando. Daudi, amene tsopano ndi bambo wa ana ake, anagwada n'kuwakoka. Atafika pamwamba sanamusiye dzanja. Anafunsa kuti popeza telala wabodza uja wawathawa, iwo adzawakumbira ndani.

"Nilipo ine, mdala," anatero Daudi. "Koma mudziwiletu, nizakumba monga mwana wa telala. Mbali imodzi izafupika."