Kaseti ya Amalume Lazaro

Ndikukumbukira chaka chimene amalume anga a Lazaro anabwerera kwathu ku Bembeke kuchokera ku migodi ya ku Joni. Ndinali mu Sitandade 5. Anzawo ankabwera ndi njinga ndi mabulangete, koma iwo anabwera ndi wailesi ya kaseti komanso nyimbo zimene mudzi wonse unkati ndi za ziwanda. Magitala ake ankalira ngati macheka, woimbayo n'kumakuwa ngati wapsa ndi moto.

Mayi, omwe anali a kwaya kutchalitchi, anandiletsa kuyandikira. Chiletsocho chinangondiwonjezera chidwi. Ndinkadzifunsa kuti munthu wofatsa chonchi, wosamwa ndi mowa womwe, akupezamo chiyani m'phokoso limeneli?

Tsiku lina m'mawa, chifunga chili kwatikwati, ndinawatsatira kumunda wa kachewere kuseri kwa phiri. Ankamvera nyimbozo kumeneko, kutali ndi msewu, chifukwa pa chikuto cha kasetiyo panali azungu aamuna a tsitsi lofika m'mapewa, ndipo masiku amenewo tsitsi lotero linali mlandu. Anyamata a chipani akanachiona, sakanafunsa kawiri.

Anandiona nditabisala m'chimanga chouma.

"Agata, tuluka. Ukamvera patali umva phokoso lokha."

Ndinakhala pamzere. Anandiuza kuti nyimbozo amazitcha hevi meto, ndipo anawapatsa ndi makaniko wina wa kumgodi. Anati zili ndi mafuko ake ngati anthu: zina zimayenda pang'onopang'ono ngati ng'ombe m'matope, zina zimathamanga ngati matalala padenga la malata. Okonda nyimbozi, anatero, amavala zakuda n'kumagwedeza mitu pamodzi, osadziwana n'komwe.

"Tsinzina. Usiye zonse, utsate ng'oma yokha."

Ndinatsinzina. Poyamba panalibe chimene ndinagwira. Kenaka ndinaimva, pansi penipeni, ikugunda mosaphonya ngati mapazi a amuna ovina gule wa ngoma. Pamwamba pake gitala imodzi inkalira mawu okoma, achisoni, amene sindinawamve n'kale lonse.

"Koma amalume, bwanji osangomvera za kwaya?"

Anachepetsa wailesi. Anandiuza kuti tsiku lina mwala unagwa pansi pa mgodi, makina onse anazima, ndipo anakhala mumdima muli zii, mnzawo wa ku Chimbiya atasiya kuyankha pambali pawo.

"Kuyambira pamenepo, pakakhala bata mtima umandithamanga. Awa akamakuwa, amandikuwira ine."

Sitinadziwe kuti mayi aima kumbuyo kwathu, khasu paphewa, kamtengo kondikwapulira kali m'manja. Anali atamva zonse. Anayang'ana mlongo wawoyo nthawi yaitali, kenaka anaponya kamtengoko m'tchire.

"Achimwene, mabatire akatha muzitenga a mutochi yanga," anatero, n'kuyamba kulima mzere wawo.

Amalume anamwalira ndili ku sekondale. Hevi meto sindinaikonde kwenikweni, ndisaname. Mpaka lero imandipweteka mutu. Koma ndaphunzitsa ana zaka zambiri, ndipo mwana akamasokosa m'kalasi, kapena akandibweretsera nyimbo yondinyansa, sindithamangira kumukalipira. Ndimayamba ndamukhazika pansi n'kumufunsa chimene akumvamo. Nthawi zambiri amandiuza zinthu zimene sanauzepo munthu aliyense.