A Lazaro ndi fayilo ya Dina

A Lazaro a ku Naisi anali munthu wofunika, ndipo ankadziwa zimenezo. Anayamba ndi kukonza makina otayipira, ndiye makompyuta atafika pa ofesi yathu m'chigwa cha Domasi mu 1997, anangowapatsa iwowo. Kompyuta yaikulu, imene inkasunga ntchito za tonsefe ndi kulamula pulinta, ankaitchera ndi manja, lero chonchi mawa mwina, monga mutu wawauzira. Ikangovuta, ofesi yonse inkaima. "Itanani a Lazaro!" Iwo n'kumabwera mwapang'onopang'ono, tayi ili pakhosi, ngati mkwati.

Kenako analembedwa ntchito Dina, mtsikana wa ku Malosa amene anaphunzira ku Blantyre. Dina sankathamanga ndi vuto lililonse. Analemba fayilo imodzi yonena mmene kompyutayo iyenera kukhalira: awa azilowa, awa ayi, pulinta yake ndi iyi. M'mawa uliwonse ikayatsidwa, inkawerenga yokha fayiloyo n'kuwongola chilichonse chimene chapotoka. Fayilo yomweyo anakaiikanso kunthambi yathu ya ku Liwonde, n'kugwira ntchito.

Nsanje inawadya a Lazaro ine ndikuona, poti ndinali kalaliki pamenepo. Bwana akayamikira Dina, iwo chifuwa chinkawagwira pomwepo. "Mwana wadzulodzuloyu," ankatero kwa ine, "akuyesa makina amamva zolemba? Makina amafuna dzanja, achimwene." Koma dzanjalo panalibenso wolifuna, ndipo miyezi inkapita.

Tsiku lina anthu akuweruka, iwo anatsalira n'kusokoneza dala zonse za pulinta. Kuwononga sikunali cholinga chawo, ankangofuna dzina lawo limvekenso m'khonde. Anandipeza panjira, akumwetulira, n'kundiuza okha kuti mawa tiona amene ali mwini makina.

M'mawa mwake analawirira, nsapato zopolisha, zida m'thumba, n'kukhala pampando woyang'ana kukhomo. Kompyuta inayatsidwa. Pulinta inalira, mapepala n'kumatuluka bwinobwino ngati palibe chinachitika. Dina anadutsa ndi makalata m'manja.

"Mwadzuka bwanji, abambo?" anatero, n'kupitirira osadziwa kalikonse.

A Lazaro anadikirabe mpaka dzuwa linafika paliwombo. Ine amene ndinkawaseka masiku onse, tsiku limenelo ndinawamvera chisoni. Kenako anabwera patebulo panga, mawu ali pansipansi.

"Achimwene, ngakhale wondikalipira palibe?"