Magazini ya Bambo, Mtedza wa Amayi

Fungo la mtedza wokazinga likandipeza pamsewu, mtima umathawira ku Kuwadzana, dera la mumzinda limene ndinakulira, m'nyengo yozizira ya chaka chija m'masitolo munali mashelufu okhaokha. Ndinali mtsikana wa giredi faifi, koma sukulu inali ya dzina chabe, pakuti aphunzitsi ambiri anali atawoloka malire. Magetsi ankazima m'mamawa n'kubwera anthu atagona. Amayi ankakazinga mtedza pachiwaya kuseri kwa nyumba, n'kukagulitsa pokwerera maminibasi amene tinkawatcha makombi. Bambo anali pakhomo chitsekereni fakitale ya ku Willowvale kumene ankagwira ntchito. Tsiku lawo linkathera pampando wachitsulo, kuusuntha kutsata dzuwa, ndevu zili nyankhalala, osayankhula ndi munthu.

Azakhali anga, alongo awo a bambo, ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Joni, ndipo mwezi ndi mwezi ankatitumizira chikwama pa basi: ufa, sopo, shuga pang'ono. Tsiku lina anaimba pa foni ya aneba athu, mai Tendai, n'kufunsa bambo chimene iwo pawokha akuchilakalaka. Tonse tinkadziwa yankho loyenera, chifukwa ndiwo zathu zinali zitaiwala mafuta. Koma bambo, mosaphethira n'komwe, anatchula magazini ina ya Chingerezi imene kale ankabwereka kwa kapitawo wawo, ya nkhani zitalizitali za m'mayiko ndi nthano imodzi yopeka. Azakhali anaseka mpaka ife tinamva, kenako anakalembetsa ya miyezi yochepa, kuti ikatha aone ngati n'koyenera kupitiriza.

"Anzanu akuitanitsa mafuta, inu mukuitanitsa mapepala," anatero amayi. "Miyeziyo ikatha, foniyo ndidzayankha ndine."

Magazini yoyamba inafika itapindika pakati pa matumba a ufa, ikununkha sopo. Bambo anaifungatira ngati khanda. M'mawa mwake anameta ndevu ndi madzi ozizira, anavala jekete la kutchalitchi, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mapeyala. Ankawerenga ndime imodzi chamumtima, milomo ikugwedera, kenako n'kuimasulira mokweza m'Chichewa, apa ndi apo n'kuponyamo Chishona kuti mai Tendai asatsalire. A Chisale, mkulu wina amene anakalambira m'mafamu a fodya, ankabwera ndi kampando kawo. Ife ana tinkakhala pansi, miyendo itatuwa ndi mphepo, tikumva za asodzi a m'nyanja zoundana ndi za mzinda wina kumene sitima zimayenda pansi pa nthaka. A Chisale ankatsutsa chilichonse. Bambo ankawaonetsa chithunzi, iwo n'kunena kuti zithunzi nazonso zimanama. Ndinali ndisanamvepo bambo akuseka chonchija chaka chimenecho, ndipo ndinkaopa tsiku limene foni ija idzalire.

Amayi sankakhala nawo pamenepo. Iwo anaona phindu lina. Mtedza ankaukulunga m'timapepala topinda mosongoka kumunsi, ndipo mapepala anali atasowa ngati shuga yemwe. Choncho anapangana ndi bambo kuti masamba akumapeto, odzaza ndi zithunzi za mawotchi ndi magalimoto otsatsa malonda, ndi awo. M'mawa uliwonse ankang'amba angapo n'kuwaika m'dengu. Pepala lake linali losalala, lolimba, ndipo makasitomala ankati mtedza wa mai Enelesi, amayi angawo, wavala suti.

Miyezi yoyamba bambo ankamaliza nkhani amayi asanang'ambe masamba a mathero ake, koma vuto linabwera ndi magazini yomaliza. Nthano ya mwezi umenewo inali ya mayi wina wokalamba, wosoka zovala, amene mwana wake anapita kumigodi ali mnyamata n'kusowa. Patapita zaka zambirimbiri kunafika munthu pakhomo n'kunena kuti ndiye mwanayo. Nkhani imeneyi inatikhudza tonse, chifukwa mumsewu wathu munalibe nyumba yopanda munthu wake kunja. Mai Tendai anasiya zochapa zili m'beseni. A Chisale anaiwala kutsutsa. Bambo anafika pamene mayiyo anauza mlendoyo kuti avule malaya, aone chipsera chimene mwana wake anapsa nacho ali wakhanda. Pamenepo anaima, anawerenga timawu tating'ono ta pansi pa tsamba, n'kuyamba kutsegula chakumapeto. Anatsegulanso kachiwiri. Nkhani yaitaliyo inali itapitirizidwa kumbuyo, pakati pa mawotchi aja, ndipo kumbuyoko kunali kutapita ndi mtedza.

Zimene zinachitika masana amenewo anthu a mumsewu wathu amazikambabe. A Chisale anatilamula ngati asilikali, ndipo ana tonse tinabalalika kukatola timapepala ta mtedza. Tinafufuza m'ngalande, pamzere wa buledi, ngakhale pansi pa mipando ya kombi imene inkadikira anthu. Kondakitala wina anakana kupereka kake mpaka atamaliza kutafuna, ife titamuzungulira. Tinabwerera ndi mulu wa mapepala amafutamafuta, ndipo bambo anawayala pakhonde n'kuwatsindika ndi miyala. Tinapeza wotchi, theka la galimoto, ndi ndime ziwiri zonena za mvula. Za chipsera zija panalibe.

Dzuwa likupendeka amayi anatulukira, dengu lili pamutu. Anaima pageti n'kuyang'ana khonde lawo litasanduka dzala, anthu akuluakulu atagwada pamapepala. Bambo anawafotokozera mwaulemu kwambiri, ngati munthu wopempha mchere. Amayi anatula dengu, anamasula mpango, n'kufunsa kuti ndi nkhani ya telala uja kodi.

"Chipsera analibe," anatero amayi. "Sanali mwana wake. Koma mayiyo anadziwa kalekale, tsiku lomwe anafika. Anangomuveka malaya aja n'kumuuza kuti denga likudontha, mawa akwerepo."

Mai Tendai anaomba m'manja n'kufuula ndi Chishona chawo kuti "Nhai, mai Enelesi, munadziwa bwanji?" Amayi anayankha akutola miyala ija kuti pokwerera makombi pamakhala nthawi yaitali popanda wogula, ndiye munthu azingoyang'ana msewu? Tsamba lililonse ankaliwerenga kaye asanalipinde. Ankadziwa mathero a nkhani zonse za miyezi imeneyo, za asodzi zija ndi za sitima zomwe, koma chiyambi chake sankachidziwa ngakhale chimodzi. A Chisale anaseka mpaka kutsokomola. Bambo anadzuka pampando wachitsulo uja, anaupukuta ndi dzanja la jekete, n'kuwapatsa amayi. Anayambiranso nthano ija pachiyambi, ndipo amayi anamvetsera manja ali pamiyendo, phulusa likadali m'zikhadabo.

Foni inalira Loweruka lotsatira. Amayi anapita okha kwa mai Tendai, ine ndikuwatsatira chapatali, mtima uli m'mwamba. Ndinaima pawindo. Anafunsa za umoyo, anadandaula za madzi ndi za magetsi, anathokoza sopo. Kenako ndinawamva akuti, "Zija za achimwene anuzi, musasiye. Zizibwerabe." Ndinathamanga kukauza bambo, ndipo iwo anangogwedeza mutu n'kupitiriza kupukuta nsapato zawo, koma makutu awo ankaoneka kuti akumwetulira.

Pa nthawiyo ndinkaganiza kuti amayi anagonja chifukwa chowamvera chisoni bambo, ndipo ndinawakonda chifukwa cha chifundo chimenecho. Ndinakula ndisanaganizepo kuti iwonso anali ndi njala yawoyawo. Anasiya sukulu ya pafamu ali ndi msinkhu womwe ndinali nawo ine chaka chimenecho, kuti akathyole fodya, aphunzitsi akuwachonderera kuti atsale. Zimenezi anandiuza ndili kale ndi ana anga. M'nyumba monse muja, munthu amene ankawerenga mwaludzu kuposa tonse anali iwo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wa ife amene anaganizapo zowafunsa ngati akufuna kuwerenga.