Kumudzi mvula yatha

Loweruka lapitali ndinanyowa mpaka malaya am'kati, ndipo chondiwawa n'chakuti ndinachoka kunyumba ndikudziwa kuti ndikanyowa.

Ife Amalawi a kuno ku Dar es Salaam tili ndi kampingo kathu ku Buguruni, komwe timapemphera m'Chichewa. Chaka chilichonse timachita malonda a zokolola pabwalo la tchalitchi kuti tikonze denga. Zokololazo ndi dzina chabe, poti palibe mmodzi wa ife ali ndi munda. Timayala zimene tapeza: zitenje za ku msika wa Kariakoo, mandasi, thobwa, ndi mfutso ngati wina wangobwera kumene kuchokera kwathu.

Tsiku lake silisintha. Ndi Loweruka loyamba la Meyi, chifukwa kumudzi nthawi imeneyi mvula imakhala itatha, anthu ali kalikiliki kukolola. Vuto n'lakuti ife sitili kumudzi. Kuno Meyi ndi mwezi umene ngakhale madaladala, maminibasi a kuno, amachita kusambira.

Amene amasenza malondawa pamutu ndi mayi Nambewe, mayi wamasiye wachikulire wokhala ku Kigamboni, kutsidya kwa doko. Ndiwo amauza aliyense chobweretsa, ndiwo amayala matebulo, ndiwo amaphika thobwa. M'mawa wa tsikulo amawoloka pa pantoni ndi zidebe ziwiri, kenako daladala, kenako wapansi. Akanapanda iwo, malondawa akanafa kalekale.

Tikukhoma mitengo ya tenti m'mawa muja, anandikokera pambali.

“Achimwene, ine ndakula,” anatero. “Zaka zinayi zondondozana tikunyowa. Ikatinyowetsanso lero, mukawauze akuluakulu asinthe tsikuli. Akakana, ine ndatula.”

Ndinayang'ana kumwamba, mbali ya kunyanja. Kunali kutada bii.

Mvula inayamba cha m'ma teni, titangomaliza pemphero lotsegulira. Sinachite kuwaza ayi, inangokhuthuka. Mphepo inanyamula tenti n'kukaikoleka pampanda wa aneba. Zitenje zinasukuluka, chofiira kulowa m'chachikasu. Mfutso umene mayi wina anachoka nawo ku Dedza pa basi ya masiku awiri unafufuma m'thumba momwemo. Ngalande ya kumsewu itasefukira, madzi akuda aja amene tonse timawadziwa fungo lake analowa pabwalo.

Mayi Nambewe anathamangira chidebe cha thobwa. Anaterereka, nakhala pansi m'matope, thobwa lonse pamiyendo. Sanalire. Anangokhala pomwepo, manja pamaondo, mvula ikuwamenya kumsana.

Amene anawadzutsa ndi mayi wa Chitanzaniya wokazinga chipisi panja pa mpanda. “Pole, mama,” anawapepesa. Kenako anatiyang'ana tonse n'kufunsa m'Chiswahili, mwaulemu ndithu, kuti kodi ife Amalawi kalendala yathu ili ndi mwezi umodzi wokha?

Inu mukanayankha kuti chiyani?

Mawa lake, mapemphero atatha, tinakhala pamsonkhano. Ndinaimirira n'kunena zimene mwana aliyense wa mumzinda muno amadziwa: mu Ogasiti kumakhala kouma, kamphepo kali yaziyazi. Tisunthe malonda athu.

Anandiyankha ndi a Kamanga, mkulu wa mpingo amene anabwera kuno ali mnyamata kudzagwira ntchito padoko. Sanakalipe.

“Mwanena zomveka, bambo,” anayamba. “Koma ndikufunseni. Adzukulu anga ndikawalankhula Chichewa amandiyankha Chiswahili. Mkazi wanga ndinamuika kuno konkuno, ndalama yonyamulira maliro inasowa. Mudzi wathu ndinauona komaliza tsitsi lili lakuda. Chimene chatsala n'chakuti sabata imene abale anga akuyamika Mulungu chifukwa cha zokolola, inenso ndimaima pabwalo ili. Tikasuntha tsikuli, titsala ndi chiyani chofanana nawo?”

Inenso mawuwo anandikhudza. Ndani wa ife alibe kanthu kake kotere? Ndikudziwa bambo wina amavala juzi mu Juni, thukuta lili kamukamu, chifukwa kwawo ku Ntcheu kukuzizira. Ineyo ndimayang'ana nyengo ya ku Lilongwe pafoni m'mawa uliwonse, ngati kuti ndili ndi chimanga choyanika kumeneko.

Kusowa kumudzi si tchimo. Chimene chanditopetsa n'chakuti mwambo umakoma kwa amene amautchula, n'kumawawa kwa amene amausenza. Amene amaima pamsonkhano kunena kuti makolo athu ankachita chonchi, kawirikawiri amafika pa malonda matebulo atayalidwa kale. Mvula ikayamba amabisala pakhonde. Amene ali m'matope ndi amayi omwewo, chaka ndi chaka, ndipo palibe amawafunsa ngati msana ukadalipo.

Si kumpingo kokha. Pamaliro, paukwati, pachinkhoswe, onani bwino amene akulamula kuti zonse zichitike ngati kwathu, ndipo muonenso amene akuzungulira Kariakoo yense ndi dengu kusaka zinthuzo. Sakhala munthu mmodzimodzi.

Tinavota pokweza manja. Ofuna Ogasiti tinali ochepa moti tinkachita kuyang'anana. Ofuna Meyi atakweza, ndinatembenuka, ndipo pakati pawo ndinaona dzanja la mayi Nambewe lili m'mwamba.

Ndinakhumudwa, kunena zoona. Ndinali nditangodzichititsa manyazi chifukwa cha iwo.

Koma iwo anadzuka pang'onopang'ono, akukoka mwendo umene anagwera uja, napita kutsogolo. Anamasula mfundo ya kunsonga kwa chitenje, natulutsa makiyi a chipinda chosungiramo matebulo.

“A Kamanga anena zoona,” anatero. “Inenso amuna anga agona kuno. Tsikuli lisasinthe. Koma miyendo yangayi yakana, basi. Wina apitirize.”

Anaika makiyiwo patebulo la kutsogolo n'kubwerera pamalo pawo.

Tinadikira. Wapampando anafunsa kawiri ngati alipo wodzipereka. Ena anayamba kufufuza nyimbo m'mabuku, ena anakumbukira kuti foni zawo zikufunika kuyang'anidwa. Manja onse amene anali m'mwamba mphindi zochepa zapitazo anali atabwerera pamiyendo. Langa nalonso silinasunthe, ndisakunamizeni. Ndatopa nane.

Tinatseka ndi pemphero, makiyi ali pomwepo.

Ndiye inu abale anga okonda za kwathu, kulikonse komwe mukukhala, tandiuzani. Mwambo umene mumauteteza ndi mawu okoma chotere uja, amakusenzerani ndani, ndipo tsiku limene adzatule, mudzawerama kuutola?