Afalansa ozizidwa a m'kashedi ka a Sugden

A Neville Sugden anayendetsa mabasi a ku Todmorden, ku Mangalande, mpaka tsitsi linathera m'chipewa, ndipo amene anakwerapo basi yawo amawakumbukira pa chinthu chimodzi: sankadikira munthu. Kaya ukuthamanga ndi ambulera, kaya ukubaibitsa dzanja, nthawi ikakwana chitseko chinkatsekeka basi. Atapuma ntchito, mtima womwewo anasamuka nawo n'kukaukhazika m'kashedi, kanyumba ka zipangizo ka kuseri kwa nyumba, momwe munali tebulo lalikulu kuposa bedi lawo ndi mashelefu odzaza tiasilikali ta mtovu, aliyense wosaposa chala chaching'ono. Pa tebulolo ankamenyanitsa nkhondo zakalekale: munthu mbali iyi, mnzake mbali iyo, tepi m'manja yoyezera pamene asilikali angafike, madayisi n'kumagamula amene wafa ndi amene wathawa.

Kupenta ankatha, zimenezo tisawamane. Ankatha kuika kadontho ka batani pa jekete la msilikali wochepa chonchija, dzanja osanjenjemera, lilime lili panja. Koma luso linabwera ndi lamulo lake: msilikali wosapentedwa bwino sakwera tebulo la a Neville. Ndipo kwa iwo kupenta bwino kunali kufanana ndi zithunzi za m'mabuku awo, kuyambira nthenga ya pachipewa mpaka lamba wa chikwama.

Tsono vuto la masewerawa ndi lakuti amafuna anthu awiri. Anzawo anatha mmodzimmodzi. Wina anamwalira, wina anasamukira kwa mwana wake, ndipo otsalawo anayamba kudwala misana Loweruka lokhalokha. Anatsala mmodzi, mlamu wawo a Clive Barraclough, mlongo wamng'ono wa akazi awo a Hazel. A Clive anali okonza mipope, a zala zonenepa, openta mothamanga ngati akupaka mpanda. Chilimwe chathachi anabwera ndi gulu la apakavalo, akunyadira, koma makolala a majekete anali obiriwira pamene mabuku amati ofiira. A Neville anawatola mmodzimmodzi n'kuwabwezera m'bokosi. A Clive anamaliza tiyi wawo, ananyamula bokosi, ndipo sanapondenso m'kashedimo.

A Neville anayesa kusewera okha, kumazungulira tebulo uku ndi uku, koma munthu sungadzibisire chiwembu chimene chili m'mutu mwako momwe. Anasungulumwa kwambiri, ngakhale akanakana mutawafunsa. Kupepesa ndi pakamwa sikunali m'magazi mwawo, ndiye anapepesa ndi burashi. Nyengo yonse yozizira anakhala akupenta gulu lathunthu la Afalansa, oyenda pansi, apakavalo ndi a mizinga omwe, kuti akapatse mlamu wawo, popeza a Clive ankakonda Afalansa kuyambira kale. A Hazel ndi amene anaimba foni.

"Wavomera, abwera Loweruka," anatero ataika foni pansi. "Akuti kamodzi kokha, ndiponso chifukwa cha ine. Mukamuyambanso, Neville, muzisewera ndi akangaude."

Loweruka m'mawa kunatsala chinthu chimodzi, kupopera vanishi woteteza penti. Aliyense wopenta tiasilikali amadziwa kuti vanishi wa m'chitini sapopera kukakhala chinyezi, ndipo a Neville anali atakalipirapo anthu ambiri pa nkhani yomweyi. Kunja kunali nkhungu, mvula ikuwaza monga mwa masiku onse a ku Todmorden. Koma akaganiza za zala za a Clive, zopaka batala wa pabuledi, zikugwira majekete a miyezi yonseyi, mtima sunawalole. Anagwedeza chitini, anapopera mizere yonse kawiri, n'kupita kukamwa tiyi.

Pobwerako anaima pakhomo pakamwa pali pululu. Gulu lonse linali litayera. Majekete a buluu aja, mabatani aja, akavalo ofiirira aja, zonse zinali mbuu ngati wina wawaza ufa. Anapukuta mmodzi ndi chala, osachoka. Akali chiimire choncho anamva galimoto ya a Clive ikutsokomola pamsewu, ndiye anangotola nyuzipepala n'kuvundikira thireyi yonse.

A Clive analowa akukutumula madzi pachipewa, manja ali m'matumba, kusonyeza kuti sanabwere ndi msilikali ngakhale mmodzi.

"Muli bwanji alamu? Ndabwera chimanjamanja, kuopa kuipitsa tebulo la bwana."

"Khalani pansi, Clive."

"Nanga pansi pa nyuzipepalapo mwabisa chiyani, nsomba?"

Sanadikire yankho. Ananyamula pepala lija, anayang'ana, anayang'ananso, kenaka chiseko chinayambira m'mimba. Anaseka mpaka anagwira m'mphepete mwa tebulo, misozi ikutsika.

"Mwapopera kunja kuli chonchi? Inuyo? A Neville Sugden a mabuku?" Anapukuta m'maso. "Tandikumbutsani, lamulo lija limati chiyani?"

"Sakwera tebulo," anatero a Neville ndi mawu ouma, nayamba kutola asilikali aja kuwaika m'bokosi. Manyazi anali atawagwira mpaka m'makutu. "Anali anu. Ndimati muzitenga popita."

Chiseko chinaduka. A Clive anatola mmodzi wapakavalo, anamutengera pawindo n'kumuzunguza pang'onopang'ono. Pansi pa kuyerako ntchito inkaonekabe, kamzere kalikonse, kabatani kalikonse, ndipo munthu wosewera masewerawa sachita kuuzidwa kuti gulu lotere limadya miyezi ingati. Anamubwezera pathireyi mosamala, natuluka. A Neville anamva chitseko cha nyumba yaikulu chikutseguka, ndipo anangoti basi, zatha, akukatsanzika kwa achemwali awo.

Koma a Clive anabwerera atakumbatira nsalu yoyera ya pabedi, a Hazel akuwalondola m'mbuyo.

"Iwe Clive, imeneyo ndi ya alendo."

"Ineyo ndine mlendo, achemwali. Alamu, gwirani mbali iyo."

Anaiyala pamwamba pa minda yobiriwira ya patebulo, mapiri n'kutumphuka pansi pake, dziko lonse n'kuyera ngati lagwa chipale chofewa. A Clive anatola pashelefu timitengo topanda masamba, anadula mtsinje ndi kansalu ka buluu, n'kuikapo mlatho umodzi kumapeto kwenikweni.

"Anyamata awa sanawonongeke ayi," anatero. "Azizidwa. Akuchokera kunkhondo ku Moscow, ku Russia, akubwerera kwawo, chipale chawayeretsa. Tulutsani Arasha anu muwathamangitse. Ndikawolotsa mlathowo ndapambana."

A Neville anatsegula pakamwa kuti akane, chifukwa kukana ndi kumene kunkabwera koyamba. "Koma avala za chilimwe. M'nyengo imeneyo anali ndi zikhoti zazitali."

"N'chifukwa chake akufa, alamu."

Palibe buku limene likanatsutsa zimenezo. A Neville anatsitsa mabokosi a Arasha awo.

Masewera a tsiku limenelo anali achisokonezo kuposa onse amene kashedi kaja kanaonapo. A Clive anapeka lamulo pomwepo loti gulu lililonse la Afalansa lisanasunthe aziponya dayisi ya kuzizira, ikagwa moipa mmodzi azigona pamsewu, ndipo posakhalitsa nsalu ya alendo inadzaza tianthu togona chagada. Mzinga umodzi unatitimira, a Clive n'kuusiya akuutukwana. Apakavalo a a Neville anatulukira m'nkhalango mwaukatswiri ndithu, koma madayisi anawakana, ndipo anathawitsidwa ndi kagulu ka ophika ndi oimba ng'oma.

"Ophika, alamu. Akuthamangitsani ndi zipande."

"Ndi madayisi anuwa. Mumawaweta m'thumba."

"Ndi anu omwe, ndatola pashelefu apo."

Masana a Hazel anabweretsa buledi wa tchizi, chitumbuwa cha nyama ya nkhumba ndi tiyi wamkaka. A Clive anakhazika kapu yawo pakati pa dziko la Russia, n'kusiya chizindikiro chozungulira pansalu. A Neville anachiona, koma anangoti pamenepo pakhale dziwe. A Hazel anayang'ana amuna awo ngati akuona munthu wachilendo, natuluka msanga a Neville asanasinthe maganizo. Zoona zake n'zakuti a Neville anali akusangalala, chisangalalo chimene anali ataiwala kukoma kwake, ndipo kawiri konse anadzimva akuseka mokweza.

Pofika chakumadzulo Afalansa anali atatsala ochepa, ataunjikana pakamwa pa mlatho. A Neville anali atakokera mizinga yawo yonse pachitunda. Anayeza ndi tepi: inkafika bwinobwino. Anasonkhanitsa madayisi odzaza dzanja. Akanagwa bwino, palibe Mfalansa akanawoloka, nkhondo ikanathera pomwepo.

Anawagwedeza m'manja, n'kumangogwedeza.

"Ponyani, alamu, anyamata akuzizidwa."

A Neville anagwedezabe.

"Mwagona?"

"Ndikaponya awa masewera atha," anatero a Neville, maso ali pamlatho. "Ndipo munati kamodzi kokha." Kenaka mawu ovuta aja anatuluka okha. "Ndinakulakwirani pa makolala aja, Clive. Muno mwakhala muli zii chaka chonse. Sindikufuna zibwererenso."

A Clive anakanda chibwano, anayang'ana kudenga, chifukwa nawonso nkhani zoterezi sizinkawakhala bwino.

"Makolalawo analidi olakwika," anatero. "Ndinakaona m'buku. Koma sindiwasintha, ndipo abwera." Anakoka mpando n'kukhala. "Ponyani. Mukuyesa ku Falansa ndi pafupi? Akatsala ngakhale awiri, ulendo ukadalipo, mitsinje ili mbwee kutsogoloku. Koma musandiponyere zachifundo, ndikuonani."

Moyo wawo wonse a Neville anali asanapemphererepo madayisi oipa, koma tsiku limenelo anapemphera. Anaponya mwachilungamo, madayisi anagubuduka pansalu, ndipo anagwa bwino mochititsa mantha. A Clive anayamba kugoneka asilikali awo mmodzimmodzi, akuwerenga, a Neville akuwerenga nawo. Atamaliza panatsala anayi ali chiimire, woimba ng'oma mmodzi ndi anzake atatu, oyera mbuu.

"Anayi akwana," anatero a Clive, nawawolotsa mlatho ndi zala zawo zonenepa zija.

A Hazel anasuzumira pakhomo kudzatenga makapu, maso awo n'kugwera pa dziwe la tiyi lija.

"Mwamaliza? Ndipatseni nsalu yanga ndikainyike."

A Neville anatambasula manja onse awiri pamwamba pa tebulo, kutchinga mtsinje, mlatho ndi anthu anayi aja.

"Isakhudzidwe, Hazel," anatero. "Anthu awa sanafike kwawo."