Kachitsulo Kamene Amayi Anakwecha

Galimoto ya bambo anga inali yakale kuposa ine. Anaigula kwa mzungu wa pa esiteti ya fodya amene ankabwerera kwawo, ndipo ankainyadira chifukwa inalibe kabyuleta ngati zinzake za nthawi imeneyo: inkachita kudzipopera yokha petulo mu injini. Loweruka lililonse ankaipukuta pansi pa mtengo wa mango, ife ana tikuingitsidwa ngati nkhuku. Kunena zoona, ndinkadana nayo galimoto imeneyo. Lero ndikakumbuka fungo la mipando yake, mtima umandiwawa.

Chaka chimene makolo anga ankakwanitsa zaka makumi asanu ali pabanja, bambo analonjeza kuti adzawatenga amayi pa galimoto yomweyo kupita ku tchalitchi ku Ludzi, kumene anamangitsira ukwati, iwo eni ali pa chiwongolero. Maso awo anali atayamba ng'ala, choncho tonse tinkadziwa kuti kameneka kakhala komaliza kuyendetsa. Kutatsala miyezi inayi, galimoto inayamba kutsokomola ndi kutulutsa utsi wakuda bii, kenako inangoti zii.

Makaniko wa pa Boma anatsegula boneti, namasula kachitsulo kozungulira, kokwana m'dzanja.

"Iyi ndi legyuleta, bambo. Ndi imene imaletsa petulo kulowa mopyola muyeso. Ya mtundu uwu ku Lilongwe simukaipeza. Bwanji tingoikamo kabyuleta?"

Bambo anamuyang'ana ngati wawatukwana. Nkhani ya kabyuleta inathera pomwepo.

Kwathu kuno sipeya yosowa timaifuna potumiza sampulo. Umapereka chakalecho kwa dalaivala wa thiraki wodutsa pa boda, iye n'kukachionetsa m'masitolo a ku Zambia. Makaniko ananenetsa kuti chofunika kwambiri ndi nambala yolembedwa pambali pake. Mawu amenewa anauza bambo ndi ine. Amayi panalibe.

M'mawa wa tsiku lokapereka, tinakapeza kachitsuloko kali pa thandala pamodzi ndi mbale, kakunyezimira ngati supuni yatsopano. Amayi anali atakakwecha ndi mchenga ndi phulusa.

"Mumati chipite kwa eni dziko chili bii choncho?" anatero amayi. "Akanati pakhomo pano palibe mkazi."

Nambala yonse inali itafufutika. Ine ndinapsa mtima, ndinalankhula mawu amene mpaka lero ndimachita nawo manyazi. Bambo anangokatembenuzatembenuza m'manja, nati, "Mwakwecha bwino, amayi. Chawala ndithu."

Kanapitabe. Kanafika ku Chipata, kanafika ku Lusaka, kanabwerako ndi kanzake kofanana nako koma kosalowa. Ulendo wachiwiri kanabwera kena kolowa bwinobwino, koma kotayitsa petulo pansi. Miyezi itatu inatha choncho. Bambo ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, pomwe ine kudekhako kunali kutandithera kalekale, ndipo amayi ndinkawayankha mwachidule.

Anatipulumutsa ndi amayi omwewo. Atapita kumaliro ku Mavwere, anaona galimoto yofanana ndi yathu kuseri kwa nyumba ina, yopanda matayala, nkhuku zikuikira mazira pampando. Mwambo utatha anapempha mwini wake kuti atsegule boneti, ndipo kachitsuloko anakazindikira nthawi yomweyo. Munthu amene wakwecha chinthu ola lathunthu sangachiiwale. Mawa lake makaniko anapita kukamasula.

Injini inalira kutatsala sabata imodzi. Pa tsiku la ulendo bambo anavala jekete yawo yakuda, nakhala pa chiwongolero, naliza galimoto. Anamvetsera nthawi yaitali, akumwetulira. Kenako anandifunsa ngati geti ndatsegula. Linali lotsegula, patsogolo pawo penipeni, kunja kuli ngwee.

Ndinawauza kuti n'lotsegula. Anatsika okha, injini ikulirabe.

"Yendetsa iwe, mwanangu. Ine ndikhala kumbuyo ndi amayi ako. Zaka zonsezi sindinakhalepo nawo mpando umodzi."

Ndinayendetsa pang'onopang'ono mpaka ku Ludzi, misozi ili chuchuchu, iwo akuseka nkhani zawo kumbuyoko.

Bambo anatisiya dzinja lotsatira. Kachitsulo kopanda nambala kaja kali mu kabati ya amayi, pakati pa makapu a alendo, ndipo Loweruka lililonse amakakwechabe.