Ndinamangitsa mlamu wanga chifukwa cha makobidi agolide a bambo

Inu owerenga, ine ndinamangitsa munthu wosalakwa, ndipo palibe anandikakamiza. Ndinapita kupolisi ndi miyendo yanga, n'kusaina ndi dzanja langa.

Bambo anga anali telala ku Kabwata. Anachoka ku Mangochi ali mnyamata, ndipo kupatula mzikiti ndi makina awo osokera, chimene ankachikonda kwambiri chinali makobidi akale. Ambiri anali wamba, mapeni obooka pakati aja, koma asanu ndi limodzi anali agolide, mbali imodzi mutu wa mfumukazi ya ku Mangalande, mbali inayo munthu ali pa hatchi. Anawagula limodzilimodzi kwa mmwenye wina amene ankamusokera masuti. Ankawasunga m'kachitini ka mabatani, lililonse m'kansalu kake, ndipo sankalola kuti tiwakweche. Ankati kobidi lakale ukaliwalitsa walitsitsa mtengo.

Atadwala sitiroko, amene anawasamalira zaka ziwiri zathunthu ndi Chanda, mkazi wa achimwene anga. Ine ndimakhala ku Woodlands, ndimagwira ntchito mu ofesi, ndiye ndinkangopitako Loweruka ndi kajumbo ka malalanje. Ndivomere pano kuti Chanda sindinkamufuna chiyambire. Ndi Mbemba wa ku Luapula, wa kutchalitchi, wogulitsa tomato ndi anyezi ku msika wa Soweto. Kwa ine achimwene anangotola.

Bambo atamwalira, sadaka ya masiku makumi anayi itachitika, achimwene anandipatsa kachitini kaja kuti ndikafunse mtengo, tigawane. Pa intaneti ndinapeza munthu wolengeza kuti amagula zinthu zakale. Kaofesi kake kanali m'chipinda cham'mwamba m'tauni, iye ali mu taye, kagalasi kokulitsa zinthu kali pa diso. Anatembenuza makobidi aja, limodzi n'kuligwetsa pa tebulo ngati akumvetsera kulira kwake, kenako anapukusa mutu.

"Madamu, pepani. Aya ni mkuwa chabe, banapaka golide pamwamba. Enieni wina anachosa kudala. Nindani enze kusunga makiyi ku nyumba?"

Funso limenelo ndi limene linandimaliza. Anati kuti ndisabwerere chimanjamanja, atha kuwagula onse pa mtengo wa matumba awiri a ufa. Ndinakana. Musaganize kuti zinali nzeru. Ndinkafuna umboni woti ndikamuonetse Chanda.

Sindinaimbire achimwene. Ndinalunjika ku Soweto masana omwewo, msika uli wodzaza. Ndinamupeza akuunjika tomato, ndipo ndisanamupatse n'komwe moni ndinakankha beseni lake, tomato yense mbwee m'matope. Ndinamunena kuti ndi mbava, kuti ankasamalira bambo pofuna chuma, kuti mwina n'kutheka anawafulumizitsa imfa. Amayi a mumsika anatizungulira, ena akujambula pa foni. Chanda sanatukwane. Anangotambasula manja.

"Ba mulamu, atate banu nenze kubasambika na manja aya. Lelo ndine kawalala?"

Ndinamuyankha kuti akafotokoza kupolisi. Apolisi anamutenga tsiku lomwelo, ndipo anakhala m'chitokosi masiku awiri. Nyumba ya ku Kabwata inasechedwa ine nditaima pakhomo, mpaka matiresi amene bambo anamwalirirapo anang'ambidwa. Sanapeze kanthu. Achimwene anandigwadira, munthu wamkulu kwa ine, kuti nditseke mlanduwo tikambirane pabanja. Ndinawauza pamaso pa ana awo kuti mkaziyo anawadyetsa mankhwala.

Tsiku lachitatu, wapolisi wachizimayi amene ankafufuza nkhaniyo anati mawu anga okha sangaime m'khoti, makobidiwo ayesedwe kaye. Anatitengera, ine ndi achimwene, kwa mkulu wina wosula mphete ndi ndolo, wa imvi mutu wonse. Iyeyu sanachite zogwetsa pa tebulo. Anaika lililonse pa kasikelo kakang'ono, anayeza kukula ndi kuchindikala kwake, anayandikitsa maginito, kenako anatsegula buku lalikulu n'kumafananitsa zaka zolembedwa pa makobidiwo. Anatenga nthawi ndithu. Atamaliza anavula magalasi n'kunena kuti onse asanu ndi limodzi ndi agolide weniweni, ndipo limodzi ndi la chaka chosowa, loti anthu osonkhanitsa zakale angaligule kuposa mtengo wa golide wakeyo.

Ndinayamba kumutsutsa, inu owerenga! Ndinafuna kuti makobidiwo akhale abodza, monga ananenera wa taye uja. Mkuluyo anandifunsa ngati woyesa woyamba uja anafunanso kugula. Nditavomera, anati, "Ndiye mwadziyankha nokha, mayi. Amatero kumene. Amakuuzani kuti n'zachabe kuti muwasiyire."

Achimwene sanandiyang'ane. Anatuluka n'kupita kukatenga mkazi wawo.

Ndinathamangira ku kaofesi kaja ndi wapolisi. Tinapeza loko pa chitseko, ndipo oyandikana nawo anati chipindacho amachita lendi anthu osiyanasiyana pa sabata. Foni ya woyesa uja mpaka lero siipezeka. Munthu ameneyo sindidzamukhululukira, ndipo ndikadzamuona m'tauni ndidzakuwa kuti aliyense amudziwe.

Patapita sabata ndinapita ku Kabwata ndi amalume kuti akandipepesere. Chanda anali pa mpope akuchapa. Sanatipatse mpando. Amalume analankhula nthawi yaitali, ine nditagwada pafumbi. Ndinatulutsa kachitini n'kunena kuti atenge onse, gawo langa lomwe. Iye anapitiriza kufinya chovala.

"Vichoseni pano ivo vintu. Nikavigwila chabe, mailo muzakamba ati vasanduka mkuwa."

Achimwene anatiperekeza mpaka pa geti. Anandiuza motsitsa mawu kuti ndikadzamwalira adzabwera kudzandiika chifukwa chipembedzo chimatero, koma zina zonse ndiiwale.

Papita zaka zitatu. Chanda anasiya malo ake ku Soweto chifukwa anthu ankamuloza kuti ndi uja anaba golide wa apongozi. Nkhani ya kumangidwa kwake inafika paliponse, ya kumasulidwa kwake sinayende. Anasamukira ku Chunga ndi banja lonse, kumene amagulitsa pa kathebulo kunja kwa nyumba. Ana awo akandiona m'basi amayang'ana kuwindo. Pa Idi ndimaphikira anthu oti sabwera.

Choncho inu owerenga, ngati makolo anakusiyirani chinthu chakale, musachipereke kwa munthu mmodzi n'kukhulupirira. Pitani kwa awiri, atatu, ndipo mutenge m'bale wanu akamve ndi makutu ake. Woyesa amene akufunanso kugula musamumvere, ngakhale avale taye yokongola bwanji. Koma chachikulu, mlendo akakuuzani zoipa za munthu amene mumadana naye kale, khalani pansi muyambe mwadzikayikira. Wakuba uja Chanda sankamudziwa, sanamutchule n'komwe. Dzina lija ndinaikapo ndine.